Geji ya oilo itakana kudzuka

Njinga yanga yamoto imazizira ndi mphepo basi, ilibe radiyeta. Pokwera Khwekhwelere kuchokera ku Golomoti nditanyamula matumba a mpunga, injini inkanunkha ngati nsima yopserera. Ndinagula geji yoonera kutentha kwa oilo.

Sensa yake, kachipangizo komva kutentha, ndinaimanga pabowo lotulutsira oilo, pansi pa injini. Poopa kudontha, ndinakulunga mazinga ake ndi tepi yoyera ya mapaipi a madzi. Ndinaliza njinga, kuyenda mpaka pa Dedza boma, muvi wa geji uli gonee pansi. Ndinatukwana wogulitsa uja mumtima, pomwe wolakwa ndinali ine.

Sensa ya waya umodzi imapeza ethi (njira yobwererera magetsi) kudzera m'mazinga omwewo, pokhudzana ndi chitsulo cha injini. Tepi ija inatseka njirayo. Ndinatsanulira oilo m'chigubu choyera, ndinachotsa tepi yonse, n'kuika washala ya kopa yatsopano. Waya wa moto ndinaulumikiza kuseri kwa kiyi, podzera pa fyuzi, kuti batire isamathe usiku.

Tsopano pamalo athyathyathya muvi umasewera cha pa madigiri 90. Pachitunda ukafika 120 ndimaima pamthunzi, injini ipume.