Kakhotedwe ka Michigan left osapsa mtima

Ku Michigan, chigawo cha dziko la America, misewu ikuluikulu yogawa pakati ngati Telegraph Road, pamaloboti ambiri salola kukhotera kumanzere ayi, anayamba m'ma 1960 zimenezi koma alendo mpaka pano amangotukwana m'galimoto. Chochita mukafuna kukhotera kumanzere, chomwe amati Michigan left, nchakuti pitirirani kaye molunjika kudutsa mphambanoyo, lowani msanga leni yakumanzere, patsogolo pang'ono muona kampata pakati pamsewu, tembenukani pamenepo kubwerera komwe mwachokera kenako pamaloboti aja mukhotere kumanja basi. Povuta mpotembenukapo, mumayenera kudula maleni onse magalimoto ali pa liwiro, ndiye dikirani mpata weniweni, wakumbuyo aimbe hutala mmene angafunire. Loboti ikakhala yofiira pakampatapo imani kaye, ngati palibe chikwangwani choletsa ndipo msewu uli poyera mutha kulowa. Mukaphonya kampatako osabwerera chafutambuyo chonde, kutsogolo mupeza kena.