Poyambira kuwerenga Hegel, Marx ndi Foucault uli ku Kasungu

Filosofi imene anthu a ku England ndi America anaitcha ya continental ndi ya anthu a ku Germany ndi France makamaka, kuyambira nthawi ya Hegel kudzafika kwa Foucault ndi anzake. Imadziwika kuti ndi yovuta, ndipo pamenepo sanamizira. Ine ndimaphunzitsa ku sekondale ina cha ku Chamama, ndipo Loweruka masana timakumana anthu ochepa, aphunzitsi anzanga ndi ana a ku yunivesite akabwera pa holide, kumawerenga mabuku amenewa. Zimene ndalemba pano ndi njira imene timatsata. Ndalembera makamaka inu amene mwapatsidwa phunziroli ku koleji, kapena mukungofuna kudziwa kuti anthu amenewa ankati chiyani pa nkhani ya chinenero, kudziwa, choonadi ndi ntchito.

Musanatsegule buku lililonse, sankhani ntchito imodzi imene mukuidziwa ndi manja anu. Isakhale yongomvera kwa ena. Ikhoza kukhala youmba njerwa, ya telala, ya kabaza kapena yogulitsa tomato pamsika. Ine ndinasankha fodya wa bale, chifukwa ndinakulira m'chigafa, ndipo ndimadziwa ulendo wa tsamba kuchokera ku nazale, kuwokera, kuthyola, kusoka, kusankha, kumanga ndindi, kudinda belo pa jeke, mpaka kukafika ku okushoni ku Chinkhoma. Wolemba aliyense amene muziwerenga muzimubweretsa pa ntchito imeneyi kuti ayankhe. Akanena chinthu chimene simungathe kuchiloza pa ntchito yanuyo, ndiye kuti mwina simunamumve, kapena iyeyo ndiye walakwa, ndipo kusiyanitsa ziwirizi ndi kumene kumadya nthawi yambiri ya gulu lathu.

Chachiwiri, musagule buku lonse n'cholinga cholimaliza. Tengani timagawo tifupitifupi. Zolemba za Hegel ndi za Marx zimapezeka ulere pa Marxists Internet Archive, ndipo Stanford Encyclopedia of Philosophy nayo ndi yaulere. Mukagula bando kamodzi, tsitsani zonse musunge pa foni. Koma Stanford muziitsegula mutayamba mwalimbana nalo nokha gawolo, osati poyamba, apo ayi muzingobwereza maganizo a munthu wina ngati anu. Gulaninso kope la hadikava. Tsamba lakumanzere muzikopera chiganizo chimene chakukanikani, lakumanja muzilemba m'Chichewa zimene mukuganiza kuti chikunena. Chiganizo chimene simungachifotokoze kwa amalume anu amene sanapite patali ndi sukulu, musadzinamize kuti mwachimva.

Yambani ndi Hegel, koma ndime 19 zokha. Buku lake la Phenomenology of Spirit linatuluka mu 1807, ndipo gawo la mbuye ndi kapolo, m'Chingerezi cha A. V. Miller, lili pa ndime 178 mpaka 196. Muwerenge ndime imodzi pa tsiku, mokweza. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nkhani yake ndi iyi: anthu awiri akumana, aliyense akufuna kuti mnzakeyo amuvomereze kuti ndi munthu woima payekha. Alimbana mpaka pafupi ndi imfa. Mmodzi aopa kufa, agonja, asanduka kapolo. Mbuye uja tsopano amadya zokonzedwa kale, sakhudzanso dothi. Koma taonani pamene Hegel akutembenuzira nkhani. Ulemu umene mbuye akulandira ukuchokera kwa munthu amene iye mwini samuyesa munthu, choncho ndi ulemu wopanda kanthu. Kapolo uja, chifukwa cha mantha, kutumikira ndi ntchito, amaphunzira kudziletsa. Saloledwa kudya chimene wagwira, amachiumba, ndipo m'chinthu choumbidwacho, chimene chimakhalitsa, amadziona yekha. Mukafika pa ndime 195 ndi 196 chepetsani liwiro kwambiri, chifukwa ambiri amene anabwera pambuyo pake anamwa pamenepa. Ku Paris, Alexandre Kojève anaphunzitsa buku limeneli kuyambira 1933 mpaka 1939, ndipo Afalansa ambiri anamudziwa Hegel kudzera mwa iye.

Tsopano funsani za ntchito yanu. Mlimi akaimirira kutsogolo kwa belo lake lodindidwa bwino, lofanana mtundu kuyambira pansi mpaka pamwamba, kodi pali chimene akuona cha iye mwini? Ine ndimati chilipo. Ndinaona anthu akulu akusisita belo asanalikweze pa lole.

Kenako pitani kwa Marx, koma musayambe ndi Capital ya 1867. Tengani gawo la ntchito yolandidwa m'zolemba zake za ku Paris za 1844, zimene zinadzasindikizidwa mu 1932, iye atamwalira kalekale. Ndi masamba ochepa. Marx akuti wantchito wolipidwa amalekanitsidwa ndi zinthu zinayi: chimene wapanga, ntchito yeniyeniyo pamene akuigwira, umunthu wake monga cholengedwa chopanga zinthu mwaufulu, ndi anthu anzake. Lembani zinayizi pamwamba pa tsamba, ndipo pansi pake muike anthu enieni. Ine ndimaika atatu. Woyamba ndi tenanti wa pa esiteti monga tinkawaonera kuno: malo si ake, mbewu ndi feteleza ndi za bwana, chimanga chodya amalandira pa ngongole, ndipo pamapeto fodya amagulitsa kwa bwana yemweyo, amene amayamba wachotsera zonse. Mu 2021 lamulo la ntchito linasinthidwa n'kuletsa utenanti, koma aliyense wa kuno wamkulu akuudziwa bwino. Kwa munthu ameneyu mfundo yoyamba ya Marx ikukwana ndendende. Wachiwiri ndi waganyu wosoka fodya, wolipidwa pa zimene wasoka tsikulo. Wachitatu ndi mlimi wa munda wakewake, amene fodya ndi wake mpaka tsiku logulitsa, koma mtengo umatchulidwa m'madola ndi anthu amene sanaonepo munda wake.

Pa munthu wachitatuyu m'pamene phunziro limakoma. Marx ankaganiza za wantchito wa m'fakitale, ndipo mlimi wathuyu sakukwana bwinobwino m'bokosi lake. Ntchitoyo amaikonda, amanyadira, palibe kapitawo womuimirira. Komabe chimene wapanga chimachoka m'manja mwake n'kukamulamulira kuchokera kutali: chaka chamawa alima zochuluka bwanji, mwana apita kusukulu kapena ayi. Musathamangire kumuteteza Marx, musathamangirenso kumutaya. Lembani bwinobwino pamene akukwana ndi pamene wapelewera. Woyesa mayeso wanzeru amapereka malikisi pa zimenezi kuposa pa kuloweza.

Pa nkhani ya kudziwa, werengani Heidegger, gawo 15 ndi 16 la Being and Time, buku la 1927. Osapitirira pamenepo chaka choyamba. Iye akupereka chitsanzo cha hamala. Ife timagwiritsa khasu. Pamene mukupalira, khasu simuliganizira n'komwe, maganizo ali pa mzere. Limaonekera ngati chinthu choti muchiyang'ane pokhapokha likaguluka. Mfundo yake ndi yakuti kudziwa koyamba ndi kwa munthu amene ali pakati pa ntchito, ndipo kudziwa kofotokoza ndi mawu, kwa kulemera ndi kutalika kwa chinthu, kumabwera pambuyo. Mayi wosankha fodya m'mamawa amadziwa ndi zala kuti tsamba lafewa mokwanira kuti lisaphwanyike. Mukamufunsa kuti chinyontho chake ndi chochuluka bwanji sakuuzani nambala, koma salakwitsa. Funso loti mulembe ndi ili: kodi mayiyu akudziwa pang'ono kuposa mlangizi amene ali ndi nambala, kapena akudziwa mwa mtundu wina?

Za chinenero ndimadutsa msanga, chifukwa chofunika poyamba ndi mfundo imodzi ya Ferdinand de Saussure wa ku Geneva. Buku lake la 1916 sanalembe yekha. Anamwalira mu 1913, ndipo anzake analisonkhanitsa kuchokera m'makope a ophunzira. Akuti chizindikiro, monga liwu la m'chinenero, chimapeza mphamvu yake posiyana ndi zinzake, osati chifukwa chomamatira ku chinthu. Magiredi a fodya amagwira ntchito motero. Giredi imodzi ilibe tanthauzo popanda ina yoposa ndi ina yotsika, ndipo mutachotsa imodzi pamndandanda, malire a zotsalazo amasuntha, ngakhale masamba m'chigafa ndi omwewo.

Mfundo imeneyi ikutsegulirani khomo la Foucault, ndipo kwa iye yambani ndi nkhani imene anakamba polowa ntchito ku Collège de France, sukulu yaukachenjede ya ku Paris, mu December 1970, yokhudza dongosolo la zolankhula. Ndi yaifupi kuposa The Order of Things ya 1966, imene ikukamba za moyo, ntchito ndi chinenero koma imafuna munthu wozolowera. M'nkhani ya 1970 muli chitsanzo cha Gregor Mendel, wansembe amene anayesa nsawawa n'kupeza mmene zibadwa zimayendera. Zimene anasindikiza mu 1866 zinali zoona, koma akatswiri a nthawi yake sanazimve mpaka 1900, chifukwa malamulo a zimene zinkawerengedwa kuti ndi sayansi ya zamoyo analibe malo ake. Foucault sakufunsa kuti chiganizo ichi n'choona kapena ayi. Akufunsa kuti ndani amaloledwa kuchinena, ali pati, atavala chiyani, ndipo chimalembedwa pa pepala lanji kuti chigwire ntchito. Mlimi akhoza kunena kuti tsamba lake ndi la giredi yapamwamba, ndipo akhoza kukhala akunena zoona. Koma mawu ake sasintha mtengo. Mawu omwewo akalembedwa pa tikiti ya belo ndi munthu amene ali ndi udindowo, ndalama zimayenda. Tengani tsiku limodzi mulembe mndandanda wa mapepala onse amene ntchito yanu imadutsamo, ndi amene amasaina pepala lililonse. Mukatero mwayamba kuchita zimene Foucault ankachita ndi zipatala ndi ndende.

Pano ndiye pamene achinyamata ambiri amaterereka. Akawerenga Foucault, n'kuonjezera kankhani ka Nietzsche ka 1873 ka choonadi ndi bodza, kamene kamati zoona zathu ndi mafanizo akale amene tinaiwala kuti ndi mafanizo, amabwera Loweruka lotsatira akulengeza kuti choonadi kulibe. Ine ndimawafunsa ngati angavomere kuti vendala awauze zimenezo sikelo ikuonetsa 45 pa thumba la makilogalamu 50. Mankhwala ake ndi Hannah Arendt, nkhani yake ya Truth and Politics ya 1967. Iye akusiyanitsa maganizo, amene tingatsutsane, ndi zinthu zimene zinachitikadi, zimene n'zosalimba chifukwa wamphamvu akhoza kuzifufuta. Akukumbutsa za Clemenceau, nduna yaikulu yakale ya France, amene atafunsidwa kuti olemba mbiri adzati chiyani za amene anayambitsa nkhondo ya 1914, anayankha kuti sakudziwa, koma akudziwa kuti sadzanena kuti Belgium ndiyo inalowerera Germany. Muwerenge Nietzsche ndi Arendt sabata imodzi, osalekanitsa. Buku la Arendt la 1958, The Human Condition, lidzakuthandizaninso pa ntchito, chifukwa limasiyanitsa thukuta la tsiku ndi tsiku lodyetsa thupi, kupanga zinthu zokhalitsa, ndi kuchita zinthu pamodzi pabwalo. Mudzaone nokha kuti fodya, amene amalimidwa chaka chonse kuti akapse, mumuika pati.

Musawawerenge anthu awa mutagwada. Hegel yemweyo, m'maphunziro ake a mbiri ya dziko, ananena kuti Africa ili kunja kwa mbiri. Heidegger analowa chipani cha Nazi mu 1933, chaka chimene anakhala mkulu wa yunivesite ya Freiburg. Izi muzizidziwa musanayambe, ndipo muzifunsa ngati zikukhudza mfundo imene mukuwerenga kapena ayi. Yankho silifanana pa tsamba lililonse. Choncho mukamaliza Hegel tsegulani Frantz Fanon, Black Skin, White Masks ya 1952. Mutu woyamba ndi wa chinenero, za munthu wakuda amene amayesedwa munthu molingana ndi mmene akulankhulira Chifalansa, ndipo aliyense amene anavalapo chikwangwani kusukulu chifukwa cholankhula Chichewa aumva msanga. Chakumapeto Fanon akumuyankha Hegel kuti mbuye wa ku maiko a atsamunda safuna kuvomerezedwa ndi kapolo, amafuna ntchito yake basi. V. Y. Mudimbe, mu The Invention of Africa ya 1988, anatenga zida za Foucault n'kufufuza mmene amishoni, atsamunda ndi akatswiri anapangira Africa ya m'mabuku. Kwathu kuno malemu Didier Kaphagawani wa ku Chancellor College analemba za mmene Achewa amaonera kudziwa ndi umunthu. Ngati muli ku Zomba funsani ku dipatimenti ya filosofi.

Pa gawo lililonse lembani tsamba limodzi lokha, m'ndime zitatu zosafanana kutalika: zimene wolembayo akunena, pamene zikukwana pa ntchito yanu, ndi pamene zikukana. Ndime yachitatu ikakhala yopanda kanthu, bwererani ku gawolo. Pa gulu, wowerenga tsamba lake asadulidwe mawu, ndipo woyamba kuyankha akhale amene akuidziwa ntchitoyo, osati amene wawerenga mabuku ambiri. Miyezi ya kusankha fodya ndi ya mayeso a teremu anthu amachepa, ndiye magawo ovuta a Hegel ndi Heidegger muwaike m'chilimwe, ndipo Fanon ndi Arendt, amene munthu angawerenge yekha madzulo, muwasungire nyengo yotanganidwa.