Makina osokera a agogo: mmene mungawatsukire osafufuta maluwa ake agolide

Makina akuda a Singer kapena Butterfly amene akhala zaka m'chipinda atavindikiridwa ndi chitenje nthawi zambiri amakhala asanafe. Chimene chimawapha ndi dzanja la munthu wachangu amene amawatenga ngati poto wa nsima: sopo, madzi, sitiluwulo, mwinanso phulusa. Pomaliza makina amawala ndithu, koma maluwa agolide aja apita ndipo sabwerera.

Musanagwire kanthu, dziwani chimene mukupukuta. Thupi la makina ndi chitsulo chopakidwa utoto wakuda umene ankauwotcha mu uvuni kuti ulimbe. Pamwamba pa utotowo ankamatapo zithunzi zopyapyala kwambiri, monga maluwa a Lotus a pa Singer 66K kapena Sphinx wa ku Egypt, mkango wa mutu wa munthu, kenaka n'kuphimba zonse ndi vanishi wa shellac, wopangidwa kuchokera ku utomoni wa tizilombo ta ku India ndi Thailand. Vanishiyu ndiye mlonda wa maluwawo, ndipo ndi wofooka. Amasungunuka ndi chilichonse chokhala ndi mowa: sipiriti, sanitaiza, ngakhale kachasu. Pamene vanishi anatha kale, madzi okha amatha kusandutsa golide kukhala wotuwa ngati siliva. Mukaona K pa nambala ya mtundu wa makina anu a Singer, monga 15K kapena 99K, dziwani kuti anapangidwa ku Clydebank ku Scotland, pa fakitale imene inatsekedwa mu 1980. Maluwa amenewo simudzawagulanso pa golosale.

Zofunika ndi zochepa: mafuta a makina osokera (oyera ngati madzi aja), parafini pang'ono, thonje, nsanza zofewa za T-shirt yakale, mswachi wakutha ndi sikuludiraiva wokwana bwino pa masikuluwu.

Yambani ndi kujambula makinawo pa foni mbali zonse, makamaka mmene singano yalowera ndi njira ya ulusi. Kenaka chotsani singano, bobini ndi kabokosi kake, chophimba cha kutsogolo ndi kachitsulo ka pansi pa singano. Masikuluwu muwaike mu sosala, apo ayi muwafuna pansi pa bedi. Pakati pa mano okoka nsalu mupeza ubweya wa ulusi utaumbana ngati bulangeti. Ukumbeni ndi mswachi kapena kamtengo ka machesi.

Tsopano ntchito yeniyeni, imene imafuna mtima wodekha. Phumunthani fumbi ndi nsanza youma mosakanikiza, chifukwa fumbi lili ndi timchenga timene timakanda. Yesani kaye pamalo obisika kuseri kwa makina. Donthezani mafuta a makina pa thonje, pakani kadera kakang'ono ngati chikhatho cha mwana, ndipo muwasiye mphindi khumi kuti afewetse litsiro. Pukutani mozungulira pang'onopang'ono. Thonje likada, litayeni mutenge lina. Pa utoto wakuda wopanda chithunzi mutha kukanikizako pang'ono, koma pa maluwa dzanja lipepuke ngati mukupukuta diso. Muziyang'ana thonjelo nthawi zonse: mukaona timadontho tagolide, imani pomwepo, ndiye kuti pamenepo vanishi palibe. Malo oterowo ingowadindani ndi mafuta, osapukuta.

Litsiro la zaka 60 silichoka tsiku limodzi. Bwerezani mawa ndi mkuja. Madontho ofiirira amene akukana kuchoka nthawi zambiri si litsiro ayi, ndi vanishi wokalamba amene wada. Ine ndimati asiyeni. Makina okhala ndi zipsera za ukalamba amaoneka bwino kuposa makina osendeka.

Zitsulo zonyezimira zimene mwamasula zija ndizo mungazikweche popanda mantha, koma kutali ndi makinawo. Ziviikeni mu parafini, dzimbiri mulichotse ndi sitiluwulo wofewa kwambiri wonyowetsedwa ndi mafuta.

Ngati gudumu lauma osazungulira, musalikakamize. Mafuta akale amauma n'kugwira ngati ulimbo, makamaka ngati wina anathirapo mafuta ophikira, chizolowezi chimene chawononga makina ambiri. Gonekani makinawo pa thaulo, donthezani parafini paliponse pamene chitsulo chikukhudzana ndi chinzake, pansi ndi m'timabowo ta pamwamba. Wotayikira pa maluwa mupukuteni msanga. Aikeni pofunda kwa kanthawi, kenaka muzigwedeza gudumu uku ndi uku mpaka litalola. Parafini amatsuka chabe, safewetsa kwa nthawi yaitali, choncho akauma thirani dontho limodzi la mafuta a makina pa mfundo iliyonse. Dontho limodzi, osati kusambitsa. Mafuta asafike pa lamba, pa kalabala kokulungira bobini, ndi pakati pa timbale tiwiri tomanga ulusi. Pamenepo pititsanipo kansanza kouma.

Mukabwezera zonse, ikani singano yatsopano, pondani makina opanda ulusi kwa mphindi zingapo, kenaka sokani pa nsanza mpaka mafuta akuda atasiya kutuluka. Musayambe ndi nsalu ya ukwati ya mlamu wanu. Amene akufuna kuwala angapake polishi wa galimoto wa phula lokha, wosakhala ndi zokwecha, atayesanso kuseri.

Chinthu china: kansalu kamene atelala ambiri a pakhonde amakulunga pa mkono wa makina kuti azibayapo mapini. Kamathandiza pa ntchito, koma nsonga za mapini zimaboola vanishi pomwe pali dzina la makina. Kamasuleni, musokere mapiniwo kapilo kawokawo. Selotepi ya muyeso pa bedi la makina, pamene pamagona nsalu posoka, nayo musaimatule mwamphamvu. Inyowetseni ndi mafuta usiku wonse, m'mawa ichoka yokha.