Mmene ndinagawira pulogalamu ya Django m'mapakeji

Pulogalamu yolandirira fizi yomwe ndinalembera sukulu ina pa Django, chida cha Python chopangira mapulogalamu a pa intaneti, inayamba ndi app (chigawo cha pulogalamu) imodzi yokha. Patapita zaka ziwiri, fayilo ya models.py, momwe mumakhala ma model ofotokoza matebulo a database, inali itafufuma ngati mtanda wa mandasi. Tsiku lomwe anandipempha kuti makolo azilipiranso pa Mpamba, osati pa Airtel Money pokha, ndinagwira mafayilo asanu ndi anayi. Ndinati basi, pulogalamuyi ndiigawe m'mapakeji, zigawo zoima pazokha.

Musathamangire kudula. Yambani mwatsegula git log, mbiri ya zosintha zonse, n'kuona mafayilo omwe amasinthira limodzi nthawi zonse, chifukwa amenewo ndi a nyumba imodzi. Kwa ine kunatuluka magulu atatu: ophunzira ndi ngongole zawo, njira zolipirira, ndi malipoti. Loyambalo ndinalitcha core.

Pali lamulo limodzi lomwe sindiliphwanya. Pakeji ya Mpamba iziitana core, koma core isadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli Mpamba. Zikamaitanana, Python imakukanirani ndi circular import, ndipo chomwe mwachita n'kungomwaza chisokonezo chakale chija m'mafoda ambiri. Mu core ndinangoikamo class imodzi yonena zomwe njira iliyonse yolipirira iyenera kutha: kuyambitsa malipiro, kutsimikiza kuti ndalama zalowa, ndi kubweza.

Nanga core izipeza bwanji njira zomwe sikuzidziwa? Ndi ma entry point, njira yomwe pakeji imalengezera zomwe ili nazo kuti pulogalamu ina izipeze. Pakeji iliyonse ikhale ndi pyproject.toml yake, fayilo yofotokoza pakejiyo, ndipo pansi pa project.entry-points muilembetse m'gulu limodzi. Langa ndi fizi.malipiro. Pulogalamu ikamadzuka, core imafunsa importlib.metadata kuti m'gululo muli ndani. Kuyambira Python 3.10 mumangopatsa entry_points dzina la gulu. Mawa banki ikabwera, mulemba pakeji yatsopano, kuilowetsa ndi pip install, kuiika mu INSTALLED_APPS ngati ili ndi ma model ake, core osaikhudza.

Pomwe ndinapsa zala ndi pa migrations, mafayilo omwe Django imasinthira matebulo a database. Mukasamutsa model kupita ku app ina, makemigrations imaona ngati mwafufuta tebulo lakale ndipo mukufuna latsopano lopanda kanthu. Ndinayendetsa migration yomwe inatulukayo pa laputopu, malipiro onse a chaka chathunthu n'kusowa. Mwayi wake inali kope chabe. Chofunika ndi SeparateDatabaseAndState: mumauza Django kuti model yasamuka, koma database isagwedezeke, kenako mu Meta mumaika db_table kukhala dzina lakale la tebulolo. Musaiwalenso tebulo la django_content_type. Limasunga dzina la app, ndiye mukapanda kulikonza, a akawunti adzalowa m'mawa n'kupeza alibenso chilolezo choona malisiti. Yesani zonsezi pa kope la database yeniyeni, osati yongopeka ya mizere khumi.

Mapakeji onse ndinawasiya mu repository (nkhokwe ya code) imodzi, ndipo polemba ndimagwiritsa pip install -e kuti zosintha zizioneka pompo. Kupatsa pakeji iliyonse repository yake ndi ntchito ya gulu lalikulu; ife tilipo awiri.

Eni ake a Django anachitanso chimodzimodzi mu 2015: potulutsa Django 1.8 anachotsa comments ndi formtools mu django.contrib, n'kuzisiya ngati mapakeji oima paokha. Koma admin ndi auth anazisiya momwemo. Inenso malipoti sindinawatulutse. Amawerenga pafupifupi tebulo lililonse la core, ndipo palibe amene wapemphapo mtundu wina wa malipoti, ndiye akadali pomwe anali.