Ulendo wa Masiku Anayi pa Phiri la Mulanje

Mwafunsa momwe mungayendere pa phiri la Mulanje kwa masiku anayi. Choyamba, fikani ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, m'munsi mwa phirili, kuti mukonze za malo ogona ndiponso mupeze wokuperekezani wodziwa njira, chifukwa chifunga cha chiperoni chikatsika, ngakhale mwala umene uli patsogolo panu suoneka. Longedzani ufa, usipa, machesi, tochi ndi zovala zamphepo, pakuti usiku kumazizira kwambiri, makamaka mu June ndi July. Tsiku loyamba mukagone ku Chambe, lachiwiri ku Chisepo, malo a paphiripa omwe ali ndi nyumba zogona alendo. Lachitatu mulawirire m'mamawa kukwera Sapitwa, nsonga yotalika mamita 3,002, koma mitambo ikayamba kuunjikana, chonde bwererani msanga. Mukagonenso ku Chisepo, kenako mutsike tsiku lachinayi miyendo itapumako.