Mpikisano wa ma catamaran pa wikendi kuno ku Mangochi

Amangwetu, ngati mukufuna kulowa nawo Loweruka, choyamba valani life jacket, zoti ine ndi mwana wa kunyanja ndimasambira zisiyeni kaye, mwera wa mu Julaye sucheza. Pa Hobie 16, womwe ndi mtundu wa catamaran (boti la matanga lokhala ngati mabwato awiri olumikizana), mumakwera awiri, wina pa chiwongolero wina kusamala thanga laling'ono lakutsogolo.

Poyambira mpamene ambiri amaluzira. Hutala yoyamba ikalira ndiye kuti kwatsala mphindi 5, muzizungulira pafupi ndi mzere woyambira koma osaudutsa, mukaphaphalika akubwezani mukayambirenso anzanu atapita kalekale. Mphepo ikamakuombani kuchokera kumanzere, mpatseni njira amene ikumuomba kuchokera kumanja, pamenepo palibe zokambirana.

Boti likagubuduka musalisiye ayi. Masulani zingwe za matanga, imani pa mbali yomwe ili m'madziyo nkukoka chingwe chodzutsira nonse awiri.