Kukhala pabanja la alimi kumidzi ya ku Japan: zimene wophunzira wa ku Malawi ayenera kudziwa

Ophunzira a ku Malawi amene amapita ku Japan, kaya pa thandizo la boma la dzikolo lotchedwa MEXT kapena kudzera mu ndondomeko ya maphunziro a achinyamata a mu Africa yotchedwa ABE Initiative yomwe inalengezedwa ku Yokohama mu 2013, nthawi zina amapatsidwa mwayi wokakhala masiku angapo pabanja la alimi kumudzi. Ine ndinakhala pabanja lotere m'chigawo cha Oita, pachilumba cha Kyushu, komwe bwanamkubwa Morihiko Hiramatsu anayambitsa ndondomeko ya One Village One Product, yolimbikitsa mudzi uliwonse kukhala ndi chinthu chakechake chopanga n'kugulitsa, mu 1979, imene Malawi anadzaitengera mu 2003. Mwayi wotere ukakupezani musaukane, chifukwa chilankhulo ndi mtima wa anthu a m'dzikoli zimamveka bwino pakhomo la mlimi kusiyana ndi m'chipinda chogona cha pasukulu.

Mmalawi amafika kumudzi wa ku Japan atadziwa kale zambiri, monga kupereka moni kwa aliyense wokumana naye panjira, kulandira chinthu ndi manja awiri ndiponso kuwerama polankhula ndi akulu. Chovuta chili poti eni nyumba sadzakudzudzulani mukalakwitsa. Kwathu azakhali amangokuuzani pomwepo kuti zimenezo sitichita, koma kumeneko adzamwetulira, adzakonza mwakachetechete chimene mwasokoneza, ndipo mukhoza kubwereza cholakwacho sabata yathunthu osadziwa. Choncho tsiku loyamba lomwe afunseni akuonetseni dongosolo la panyumbapo, ndipo muziyang'anitsitsa zimene iwo akuchita musanachite zanu.

Nsapato zimavulidwa pakhomo, pamalo otsikirapo otchedwa genkan, ndipo mumazitembenuza kuti ziloze kunja. M'nyumba mumavala masilipasi, koma polowa m'chipinda choyalidwa mphasa za tatami mumawavulanso. Kuchimbudzi kumakhala masilipasi akeake, amene sayenera kutuluka m'menemo.

Nkhani ya kusamba ndiyo imene ndikufuna muimvetse bwino. Madzi otentha a m'bafa, lomwe amalitcha ofuro, amatenthetsedwa kamodzi madzulo ndipo banja lonse limalowamo mmodzimmodzi. Munthu amayamba wakhala pakampando kunja kwa bafalo, n'kusamba ndi sopo mpaka thovu lonse litachoka, kenako n'kulowa m'madziwo kuti thupi litenthedwe basi. Mlendo amapatsidwa ulemu wolowa poyamba. Usiku wanga woyamba ndinatsegula potulukira madzi nditamaliza, poganiza kuti ndikusiya bafa laukhondo, ndipo ndinamva mayi a panyumbapo akudzazanso madzi mwakachetechete pamene bambo, omwe anali atatandala tsiku lonse m'munda, ankadikira ndi thaulo paphewa. Palibe amene anandiuza kanthu, ndipo mtima unandipweteka nditazindikira. Mukatuluka siyani madziwo mmene alili, muvindikire kuti asazizire.

Pachakudya, musanayambe nenani kuti itadakimasu, ndipo mukamaliza nenani kuti gochisousama, mawu amene amathokoza wophika pamodzi ndi wolima. Musazike timitengo todyera mu mpunga n'kutisiya titaimirira, ndiponso musalandire chakudya kuchokera patimitengo ta mnzanu ndi timitengo tanu, chifukwa zonsezi zimakumbutsa miyambo ya maliro. Ngati pali chimene simudya pa zifukwa za chipembedzo kapena thanzi, monga nkhumba, nsomba yaiwisi kapena mowa, nenani musanafike, kuti mayi asavutike kuphika chimene chidzabwerera. Mbale ya mpunga imayenera kutha ndithu, popeza mlimi wa mpunga amaona njere iliyonse yotsala. Zina zidzakukumbutsani kwathu, monga tinsomba touma totchedwa niboshi tomwe timafanana ndi usipa. M'munda mudzaonanso maungu, koma masamba ake sadyedwa kawirikawiri, ndiye mukapempha kuti muthyole n'kuwaphikira nkhwani wotendera, mutafunsa kaye ngati sanapoperepo mankhwala, mudzakhala mutawapatsa chinthu chimene adzachikumbukira. Mphatso yofika nayo, monga tiyi wa ku Thyolo, khofi wa ku Mzuzu kapena chitenje, ikhale yokutidwa bwino ndipo muipereke ndi manja awiri. Nyama iliyonse, ngakhale youma, musanyamule kuchokera kwathu chifukwa malamulo a dzikolo salola.

Paja amati mlendo ndi mame, koma wophunzira amene wabwera kudzakhala pabanja amakondedwa akadzisandutsa mwana wa pakhomo. M'mawa pindani zogonera zanu za futon n'kuziika m'kabati, chotsani mbale patebulo, ndipo phunzirani kusiyanitsa zinyalala zowotchedwa ndi mabotolo komanso zitini, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi tsiku lake lotayira. Potuluka mumati ittekimasu, pobwera mumati tadaima, ndipo ambiri adzakupemphani kuti muziwatchula otousan ndi okaasan, kutanthauza bambo ndi mayi. Anthu ambiri otsala m'midziyi ndi okalamba, achinyamata anapita m'mizinda, moti manja anu adzafunika powokera mpunga cha mu Meyi ndi Juni, pokolola cha mu Seputembala ndi Okutobala, kapena ponyamula zipika zimene ku Oita amalimapo bowa wa shiitake. Likafika tsiku loti mudzi wonse utchetche udzu kapena ukonze ngalande za madzi a m'minda, dzukani nawo, ndipo mufike nthawi isanakwane. Akati 6 koloko m'mawa, ntchito imayambadi 6 koloko.

Pa zachitetezo, khadi lanu losonyeza kuti muli m'dzikomo mwalamulo muziyenda nalo nthawi zonse, pamodzi ndi umboni wosonyeza kuti muli pa inshuwalansi ya boma ya zaumoyo, imene imachititsa kuti kuchipatala muzilipira magawo 30 okha pa 100 alionse. Nambala ya apolisi ndi 110, ndipo ya ambulansi ndi ozimitsa moto ndi 119. Funsani kumene anthu a m'mudzimo amathawira kukachitika chivomezi kapena namondwe, amene amavuta kwambiri cha mu Ogasiti ndi Seputembala. Mabasi akumidzi ndi ochepa ndipo amasiya kuyenda msanga, choncho jambulani ndandanda yake pafoni ndipo mukhale ndi ndalama m'thumba, popeza si golosale iliyonse imene imalandira khadi. M'nyengo yozizira nyumba zakale zimazizira kuposa Dedza mu Juni, ndipo mbaula ya palafini imafuna kuti muzitsegulako zenera kanthawi ndi kuizimitsa musanagone.

Mukabwerera kusukulu, lembani kalata yothokoza ndi dzanja lanu pasanathe sabata, ngakhale Chijapani chanu chikhale chopunduka, ndipo kumapeto kwa Disembala muwatumizire khadi la chaka chatsopano lotchedwa nengajo, limene a positi amakapereka pa 1 Januwale.